Bala la Kuwonjezera Njira Lifuna Chisamaliro

Mwana akabadwa, achibale amathamangira kukaona khandalo. Ndi ochepa amene amafunsa chifukwa chake mayi akukhala chopendekeka pamphasa. Nthawi zina mayiyo ali ndi bala la kuwonjezera njira, koma manyazi amamtseka pakamwa.

Azamba amacheka pang'ono kunsi kwa njira ya mwana ngati mwanayo watopa ndipo ayenera kutuluka msanga, kapena pofuna kumukoka ndi chipangizo. Asanacheke amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo mwana akabadwa amasoka ndi ulusi wosungunuka wokha. M'chaka cha 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, linalangiza kuti kuchekaku kusachitike mwachizolowezi.

Balalo limapola pakatha pafupifupi mwezi. Ali m'chikuta, mayi azisamba ndi madzi oyera, kuumitsa pamalopo ndi kusintha nsalu pafupipafupi, asapakepo zitsamba. Kumwa madzi ambiri ndi kudya ndiwo zamasamba kumapewetsa kudzimbidwa, kumene kumawawitsa balalo. Abambo nawo adikire mpaka litapola.

Mayi akatentha thupi, kapena bala likatuluka mafinya, kununkha kapena kutseguka, apongozi asadikire tsiku lotuluka m'chikuta. Amtengere kuchipatala tsiku lomwelo.