Penti ya limu ndi yotchipa, ndalama sungirani tayala

Amalonda ambiri amene amapikula mbatatesi ku Tsangano kapena tomato ndi kabichi pa Lizulu amadalira kangolo kokokedwa ndi galimoto, kamene ena amakatchula thirela. Galimotoyo amaisamala, koma ngoloyo imagona padzuwa ndi pamvula, malimu ali dzimbiri lokhalokha, mpaka tsiku lomwe tayala lidzaphulike pa M1 katundu ali pamwamba.

Tayala la ngolo kawirikawiri silitha ndi msewu ayi, limatha ndi zaka. Mizere yake imaoneka yakuya bwinobwino pamene mphira wauma ndipo m'mbali mwayamba timing'alu. N'chifukwa chake pogula la kaunjika, kaya ku Biwi mu Lilongwe kaya ku Ndirande, musakopeke ndi mizere yokha. Funani pomwe palembedwa kuti DOT, muwerenge manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, enawo ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani ambiri opanga matayala amati lililonse lokwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Kwa ine, loposa zaka zisanu ndi chimodzi si logula, pokhapokha ngati n'la ngolo ya ng'ombe yomwe siithamanga.

Nambala ina imene ogulitsa satchula n'komwe ndi ya kulemera komwe tayala lingasenze. Imalembedwa pambuyo pa saizi. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 155/80R13 79T limasenza makilogalamu 437. Awiri ndiye 874. Tiyerekeze kuti ngolo payokha imalemera 250, otsala ndi 624, amene ndi matumba 12 a makilogalamu 50. Tonse tikudziwa kuti thumba la mbatatesi losokerera pamwamba lija silikhala 50. Tayala la saizi yomweyo lokhala ndi chilembo C, la nambala 90, limasenza 600 lililonse. Ndi lodulirapo, koma ndi lomwe linapangidwira katundu. Kumbukirani kuti ekiselo ndi masipuling'i nazonso zili ndi malire ake.

Ngati ndalama zikukwanira awiri okha, gulani ofanana saizi ndi mphamvu, muwaike onse pa ekiselo imodzi. Mwa akalewo, looneka bwinoko likhale la sipeya. Uzani wogulitsa alipope muli pomwepo, ndipo musanatero yang'anani mkati: chigamba chapakati pomwe pamaponda msewu chilibe vuto, koma cham'mbali kapena chotupa, lisiyeni.

Nthawi yabwino yopenta limu ndi imeneyi, tayala litachoka. Zofunika ndi bulashi ya waya, sandipepa, thina, kachitini ka red oxide ndi ka penti ya mafuta. Palani dzimbiri mpaka chitsulo chioneke, makamaka m'mphepete momwe mlomo wa tayala umakhala. Dzimbiri la pamenepo ndi lomwe limaba mpweya pang'onopang'ono m'matayala opanda chubu, inu n'kumalipira wopopa sabata ndi sabata mukuganiza kuti ndi msomali. Pukutani ndi thina, pakani red oxide, iume, kenako penti kawiri mopyapyala. Yambiri nthawi imodzi imayenderera ndipo imachedwa kuuma. Ntchitoyi gwirani pamthunzi, tsiku lopanda mvula kapena fumbi.

Pali malo awiri osafunika penti yochindikala: m'mabowo momwe manati amakhala, ndi kumbuyo komwe limu imagundana ndi habu. Penti ikaphwanyika pamenepo manati amakhwepa okha, gudumu n'kuyamba kugwedera. Matanipo tepi musanayambe. Limu yong'aluka, yopindika kwambiri kapena yomwe mabowo ake akula ngati dzira, penti siingaichiritse, ndipo yowotcherera si yoidalira pa msewu waukulu. Mukapita kukagula ina, nyamulani yakaleyo, chifukwa malimu a mabowo anayi safanana onse: ena ndi 4x100, ena 4x114.3, ndipo ndi maso simungasiyanitse msanga.

Pobwezera tayala ikani valavu yatsopano, mtengo wake ndi wochepa. Mangani manati modumphitsa, osati motsatizana. Mukayenda makilomita pafupifupi 50 paulendo woyamba, imani pambali muwalimbitsenso onse ndi sipanala.