Wosamutsa nyumba asaiwale dimba

Pa 2 Febuluwale chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la madambo, potsatira pangano lomwe maiko adasainirana ku Ramsar m'dziko la Iran mu 1971. Kuno kwathu tsikuli limafika mvula ili pachimake, ndipo zokamba zake zimathera ku nyanja ya Chilwa ndi ku Elephant Marsh, malo omwe Malawi adalembetsa pansi pa panganoli. Madambo ang'onoang'ono a kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, amangomveka madzi akasefukira. Akamveka, uthenga umakhala umodzi chaka ndi chaka: anthu asamukire kumtunda. Uthengawu umachokera mumtima wabwino, koma umawerengera nyumba yokha n'kuiwala chimene chidakokera nyumbayo pamalopo. N'chifukwa chake umanenedwa dzinja lililonse, ndipo dzinja lililonse umapeza anthu ali pomwepo.

Kummawa kwa njanji, kamtunda pang'ono kuchokera pamsika wa Mtakataka, kuli khomo lina lomwe limaonetsa bwino nkhaniyi. Nyumba yake idamangidwa pachulu chophwasulidwa, khonde lidakwezedwa kufika m'mawondo, ndipo pakhoma la kuseri pali mzere wa matope wosonyeza pomwe madzi adalekeza. Makoma ali ndi ming'alu, chifukwa dothi la kuno ndi la makande, lomwe limatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Mayi achikulire omwe akulera adzukulu pakhomopa adakweza nkhokwe pamafoloko ataliatali, khola la nkhuku lili m'mwamba, nkhuni nazo zili pathandala. Kuseri kulibe mpanda. Bwalo limangotsetsereka n'kukalowa m'mpunga, mpunga n'kukalowa m'bango. M'dzinja achule salola munthu kugona msanga, udzudzu umayamba dzuwa lisanalowe, ndipo ana popita kusukulu amanyamula nsapato m'manja mpaka atafika pouma. Koma madzi akayamba kuphwa, dambo lomwelo limasanduka nkhokwe yachiwiri. Mono umagwira milamba ndi matemba m'ngalande, bango limadulidwa n'kulukidwa mphasa, udzu wofolera umamwetedwa pomwepo, mbuzi zimapeza msipu pamene kwina konse kwayera. Potsatira chinyontho, mayiwa amabzala chimanga, nyemba, mpiru, tomato ndi mbatata, n'kumathirira ndi madzi a m'chitsime chosafika m'chiuno. Ogasiti akamafika, mondokwa wa pakhomoli amakhala ali m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo ndalama yake ndi imene imagula sopo, mchere ndi makope.

Palibe chifukwa chobisira mtengo wa moyo umenewu. Madzi odikha ndi moswera udzudzu, choncho malungo sachoka pakhomo lotere, makamaka neti ikang'ambika kapena ikasanduka ukonde wophera matemba. Nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'maiwe omwe ana amasambira ndi amayi amachapira, ndiye mwana yemwe wamwa mankhwala kusukulu amakalitenganso sabata yomweyo. Chimbudzi chokumba m'makande chimadzaza madzi n'kugumuka, zonyansa n'kusakanikirana ndi madzi a m'chitsime. Aliyense amene akukumbuka kolera yemwe adayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno akudziwa komwe zoterezi zimathera. Kufupi ndi nyanja kumawonjezeka ng'ona ndi mvuu. Anthu a m'mphepete mwa dambo safuna mlendo woti awauze zimenezi, popeza ndi iwo amene amakagona kuchipatala ndiponso kukumba chimbudzi china chaka chilichonse. Akaika zonse pasikelo amasankhabe kukhala, ndipo chisankho chawo chili ndi nzeru yomwe iyenera kumveka.

Chaka cha 2024 chidaonetsa nzeruyo poyera. Mu Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba, chimanga chitafota m'minda ya kumtunda. Miyezi yomweyo nyanja ya Malawi idakwera kupyola mamita 476 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete mwake. Madzi adachuluka kunsi pamene kumtunda adasowa. M'chaka chotere banja lokhala ndi munda wodalira mvula yokha limakolola kamodzi, kukolola kwake kukalephereka lilibe pogwira. Banja lokhala ndi dimba limakhala ndi mwayi wachiwiri, nthawi zina wachitatu. Boma lomwe limadziwa kufunika kwa chinyontho cha chigwa chimenechi, n'chifukwa chake ku Bwanje kuli sikimu ya mahekitala 800 yomwe imapatutsa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Sizimveka kulimbikitsa ulimi wa m'chilimwe pawailesi, kwinaku n'kumauza mlimi wa m'chilimwe kuti atalikire madzi ake. Dimba limafuna mwini wake pafupi: kuthirira ndi kwa mmawa ndi madzulo, ng'ombe zikalowa kamodzi ntchito ya miyezi itatu yatha, akuba nawo sagona.

Komanso tiyenera kufunsa kuti kumtunda komwe akunenako ndi kuti. Chigwa ichi n'chopapatiza. Kummawa kuli nyanja ndi malowe, kumadzulo kuli chitunda chotsetsereka chomwe aliyense wokwera msewu wa Khwekhwelere amachidziwa, ndipo mbali yaikulu ndi nkhalango yotetezedwa ya Mua-Livulezi, yomwe idakhazikitsidwa mu 1924. Malo ouma apakati, motsatira msewu ndi njanji, ali kale ndi eni ake, ndipo pafupi ndi misika amagulidwa ndi ndalama. Mayi yemwe akukhala pamalo a mbumba yake, pafupi ndi manda a makolo ake, akasamutsidwa amakakhala wobwera kwa mfumu ina, pamunda wobwereka womwe ana ake sadzakhala nawo ufulu. Ena akapanikizika amakatsegula minda m'mapiri kapena kuyamba kuotcha makala, ndipo mitengo ikatha kumeneko madzi amatsika ndi liwiro, atasenza mchenga womwe umakwirira mitsinje kunsi. Kusamutsa kosaganizira bwino kumatha kukulitsa kusefukira komwe kumafuna kuthawidwa.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera: tomato sangafanane ndi moyo wa munthu, ndipo boma silingadikire maliro kuti lichitepo kanthu. N'zoona, koma mfundoyi imaphatikiza madzi a mitundu iwiri. Madzi a m'dambo amakwera pang'onopang'ono, amaoneka akubwera, ndipo amapereka masiku oti munthu akweze katundu kapena akagone kwa abale. Madzi a mtsinje wotsika m'phiri, monga Nadzipulu, Namikokwe kapena Livulezi, amatha kufika usiku kunsi kuno kusanagwe ngakhale dontho, atanyamula zitsa ndi miyala. Mitsinje yotere ikafika pachidikha imasintha njira, ndipo akuluakulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa. Nyumba yomwe yaima m'njira yakale ya mtsinje iyenera kuchoka, mwini wake afune asafune, ndipo lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la mu 2023 lidapatsa boma mphamvu zotero. Koma nyumba yomwe yayang'ana dambo lodikha ili ndi vuto lina, lomwe mankhwala ake ndi enanso. Kuopseza onse ndi mawu amodzi kumachititsa kuti yemwe ali pangozi yeniyeni aleke kumva, poona kuti mnansi wake adaopsezedwa zaka zambiri koma akadali bwinobwino.

Mfundo ina ndi yakuti anthu akakhala pafupi dambo limafa: bango limatha, ngalande zimaumitsa nthaka, makasu amafika m'gombe la mtsinje. Izinso zikuchitika. Komatu wowononga kwambiri sakhala amene amagona pamenepo n'kumadalira bangolo chaka chamawa, koma wobwereka malo nyengo imodzi yemwe akufuna kubweza ndalama zake msanga. Dambo lopanda mwini wolilondera silipuma, limangopeza wina wolidyera. Chofunika ndi malire omveka, ndipo malirewo azitsatira mbiri ya madzi, osati chilimwe chimodzi. Nyanja yathu idatsika mpaka Shire kuleka kutuluka pakati pa 1915 ndi 1935, idakwera kwambiri mu 1980, idatsikanso m'zaka za m'ma 1990, ndipo yakweranso. Malo omwe adaoneka ouma kwa zaka makumi awiri angathe kukhala pansi pa dziwe mawa. Agogo a m'midzi imeneyi akudziwa mitengo ndi zulu zomwe madzi adafikapo, ndipo chidziwitso chawo chiyenera kulembedwa mfumu isanagawe malo ena.

Njira yanzeru tsono ndi kusuntha pogona mwamtunda woyenda pansi, dimba n'kukhalabe la mwini wake motsimikizika. Mafumu angathe kupatula malo okwera apafupi, ngakhale ochepa, oti mabanja amangepo nyumba, chimbudzi chokwezedwa ndi mjigo, popanda wina kuopa kuti akachoka kudambo munda wake ugawidwa. Okhala kumtunda kwa mitsinje angathe kuchenjeza anzawo a kunsi pafoni mvula ikakula kumapiri. Izi n'zotsika mtengo kuyerekeza ndi matenti, ufa ndi mapulasitiki ogawidwa dzinja lililonse.

Chodabwitsa n'chakuti pamene osauka akuuzidwa kuti achoke, m'mbali mwa misika ya m'chigwachi mukumera nyumba zamalata m'malo omwe kale munkadutsa madzi. Eni ake amathira dothi la galimoto zingapo, kukweza maziko ndi kumanga mpanda wa njerwa, madzi n'kupatukira kwa woyandikana naye yemwe alibe simenti. Njerwa zake zimaumbidwa m'mphepete mwa dambo lomwelo, ndipo maenje osiyidwawo amasunga madzi mpaka Juni, pafupi ndi makomo omwe kale sankadziwa dziwe.