Madzi odya sopo ndi kuwala kowayezera

Wochapa aliyense wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amadziwa kuti pali mijigo ina imene madzi ake amadya sopo. Mumapaka, n'kupakanso, thovu osaoneka, pamwamba pangoyandama zoyerayera. Kenaka thovu lija limabwera, n'kukhala. Chimachitika n'chakuti madziwo podutsa m'miyala amatenga kalisiyamu ndi maginiziyamu, ndipo sopo woyambayo amathera polimbana ndi zimenezi. Thovu limadikira kuti zithe kaye. Ndiye kuti sopo amene wapita thovu lisanabwere akukuuzani kuchuluka kwa mchere wa kalisiyamu ndi maginiziyamu umene unali m'madzimo.

Akatswiri a m'labu amachita zomwezi, kungoti amawerenga dontho lililonse, ndipo ntchitoyi amaitcha titration. Mu 1841 Thomas Clark wa ku Aberdeen ankayezadi madzi ndi sopo weniweni: kudontheza, kukhutchumula botolo, mpaka thovu litakhala mphindi zisanu osaphwa. Masiku ano m'malo mwa sopo mumalowa mankhwala otchedwa EDTA, njira imene Gerold Schwarzenbach wa ku Zürich anaikonza m'zaka za m'ma 1940. M'malo mwa thovu muli utoto wa Eriochrome Black T, umene umafiiritsa madzi kalisiyamu ndi maginiziyamu zikadalimo, n'kusanduka wabuluu EDTA ikazigwira zonse.

Vuto lili pa diso. Kufiira sikulumphira ku buluu kamodzi. Kumayamba kwadutsa pa pepo, ndipo pamenepo ophunzira awiri a ku Bunda atha kutsutsana. Wina ati kwatha, mnzake ati onjezani pang'ono. Wina waima pawindo, mnzake pansi pa babu. Pali anthu enanso, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu chibadwire. Kusiyanako si kwamasewera: pa madzi okwana mamililita 50 ndi EDTA ya mphamvu ya 0.01 M, mililita imodzi imaimira mamiligalamu 20 a mchere uja pa lita. Woyeza wa dzanja lolemera akapitirira ndi theka la mililita, walemba kale mamiligalamu 10 amene kulibe. Dziwani kuti madzi osafika pa 60 amawerengedwa kuti ndi abwino kwa sopo, opitirira 180 ndiye odya sopo kwambiri. Amene ali m'malire atha kugwera mbali yolakwika.

Apa m'pamene makina a photometer amalowerapo. Kababu kamawalitsa kudutsa m'madzi akuyezedwawo, tsidya linalo kachipangizo kena n'kumawerenga kuwala kumene kwafika. Madzi abuluu amameza kuwala kofiirira, kwa cha m'ma 620 nanomita, choncho amasankha kumeneko. Lamulo la Beer, la mu 1852, limati kumeza kuwalako kumakwera molingana ndi kuchuluka kwa utoto womeza kuwalawo. Woyeza amathira EDTA pang'onopang'ono, n'kumalemba nambala pa galafu. Poyamba mzere umagona, kenaka umakwera buluu akamachuluka, kenaka umagonanso chifukwa palibe chotsala choti chisinthe.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti makinawa sasaka dontho lomalizalo ayi. Mumapitirira dala, n'kujambula mzere wowongoka potsata pokwera paja, wina potsata pogona pomaliza. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene ntchito inathera. Pa pepo paja, pamene anthu amakanganirana, sipafunikanso kwenikweni. Wochapa akapaka sopo wambiri wangomuwononga, koma pano kupitirira ndi mbali ya muyeso.

Koma makinawa alinso ndi zowasokoneza. Madzi a mu Diamphwe, mtsinje wochokera ku Dzalanyama umene bungwe la Lilongwe Water Board lakhala likufuna kumangapo damu, amabwera ndi matope nyengo ya dzinja. Mtundu wa madziwo pawokha susokoneza kwambiri, popeza makina amayang'ana kusintha, osati poyambira. Koma matope oyandama amamwaza kuwala ndipo nambala zimavinavina, ndiye amayamba awasefa. Timpweya tikakakamira pa galasi timanamizanso makina. Ndipo popeza EDTA yothirayo imasungunula utoto, nambala iliyonse amaikonza poichulukitsa ndi kuchuluka kwa madzi onse amene ali m'kapumo tsopano, n'kugawa ndi amene anayamba nawo.