Mliri unamasula lamba, mlatho wa nsungwi unatsala

Ukawauza anthu a ku Nchenachena kuti kunja kuli masewera oyenda pa lamba womangidwa pakati pa mitengo iwiri, amayamba aseka kaye. Masewerawa amatchedwa slackline. Anawayambitsa ndi okwera matanthwe ku Yosemite, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1980. Lambayo ndi wa masentimita awiri ndi theka basi m'lifupi, ndipo ukangomuponda amanjenjemera ngati wagwidwa malungo.

Amasekeranji? Kumunsi kwawo, m'chigwa cha Henga, kuli mlatho wa nsungwi wa ku Kandewe, wolenjekeka pamwamba pa mtsinje wa South Rukuru, umene eni dera amati unayamba kulukidwa mu 1904. Mayi amauwoloka thumba la chimanga lili pamutu, mwana ali kumbuyo, nsungwi zikulira pansi pa mapazi. Sayang'ana madzi. Maso amaponya kutsidya, mawondo atapinda pang'ono, ndendende zimene ophunzitsa slackline amauza wongoyamba kumene.

Covid-19 itavuta mu Malichi 2020, mayiko ngati Italy ndi Spain anatsekera anthu m'nyumba, mapaki n'kukhomedwa. Oyenda pa lamba anasowa mitengo. Ena ankamanga kalamba kafupi pabwalo la nyumba, koma phazi likakhala miyezi osayenda pa lamba wautali limachita dzimbiri. Chinawawa kwambiri n'kusowa anzawo, pakuti lamba wa pamwamba sumanga wekha: wina amakoka, wina amayendera mfundo zako kuti ungagwe.

Kuno kwathu ku Malawi zinayenda mwina. Boma la Peter Mutharika linalengeza za ngozi yogwera dziko pa 20 Malichi, sukulu n'kutsekedwa pa 23. M'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo unaimitsidwa ndi khoti lalikulu kutangotsala tsiku limodzi, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula kuti osauka adya chiyani. Motero mlimi wa khofi wa m'mapiri a Phoka sanasiye kukwera ndi kutsika zitunda zake. Miyendo yake sinaone tchuthi.

Chimene chinaima ndi mpira. Bungwe loyendetsa mpira la FAM linaimitsa masewero, ndipo ligi ya TNM inadzayamba mu Novembala, miyezi yambiri itapita. Ku mudzi, kutsekedwa kwa sukulu kunatenga bwalo ndi mphunzitsi wa masewera yemwe, amenenso nthawi zambiri ndiye amasunga mpira ndi wezulo. Mnyamata ankatha kuthamanga yekha m'mawa pamsewu wopita ku Livingstonia, inde, koma mpira ungamupatsire ndani uli wekha? Atsikana a netibo ndiwo anapsa zedi, ena sukulu zitatsegulidwa mu Seputembala ndi Okutobala sanabwerere, atakwatiwa kapena ali ndi pakati.

Ku Kandewe nako alendo odzajambula mlatho anasowa, ndege zitaleka kutera. Owoloka ndi matumba pamutu okha ndiwo sanaleke.