KUMANGA KOSAONONGA MITENGO: MAU KWA ALIMI A FODYA A KU KASUNGU

Chaka ndi chaka, alimi akabwera ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma kapena wa ku Kanengo, ntchito yomanga imayamba m'midzi ya ku Kasungu. Wina aumba njerwa za nyumba yatsopano, wina akonza balani, wina afuna mphanda za chigafa cha chaka chamawa. Ntchito zonsezi nzabwino, koma zonse zimadya chinthu chimodzi, ndicho mitengo. Masiku ano pali malamulo onena za zipangizo zomangira, ndiponso pali njira zatsopano zomangira, ndipo mlimi aliyense ayenera kuzidziwa asanayambe kukumba dothi.

M'MENE MITENGO INACHEPERA

Kale chigwa cha Kasungu chinali ndi thengo la mitengo ya tsamba, mombo, muwanga ndi masuku. Cha m'ma 1950 kampani ya Colonial Development Corporation inatsegula minda ya fodya wouma ndi moto wa m'balani. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anachuluka kwambiri, ndipo kuyambira mu 1990 alimi a m'midzi nawonso analoledwa kulima fodya wa Burley. Fodya wa m'balani afuna nkhuni. Wa chikopa afuna utsi. Wa Burley afuna mphanda, mitanda ndi mikangala. Pamwamba pa izi, ndalama za fodya zimamanga nyumba za njerwa zootcha, ndipo uvuni wa njerwa umafuna zipika zazikulu za mitengo yachilengedwe, imene imatenga zaka makumi angapo kuti ikule.

Nchifukwa chake nkhalango zazikulu zotsala ndi zija zotetezedwa ndi Boma, monga Kasungu National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndi nkhalango ya Chimaliro. Mitengo ikatha, madzi a mvula sakhalitsa m'nthaka. Athamangira ku Bua ndi ku Dwangwa atanyamula chajira cha m'munda. Mphepo nayonso ipita yosatsekereza, nisasula madenga a nyumba ndi a sukulu.

LAMULO LA NJERWA

Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council loyang'anira amisiri ndi makontilakita. Mu 2018 kunatuluka malamulo onena za zipangizo zomangira zosaononga chilengedwe. Malamulowo analetsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa nyumba za Boma, za mabungwe ndi zamalonda. M'malo mwake anafuna mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, kapena njerwa zootchedwa m'ng'anjo zosaononga nkhalango.

Nkhani imeneyi ikhudza midzi. Kuyambira kale anthu akafuna sukulu kapena chipatala chaching'ono, nyakwawa imamema anthu kuumba njerwa ndi kuotcha. Tsopano komiti ya chitukuko iyenera kufunsa ku ofesi ya Bwanamkubwa isanayambe ntchito yotero, kuopa kuti anthu angataye mphamvu zao pa njerwa zimene kontilakita sangathe kuzilandira. Mudzi ungathe kuthandiza ndi mchenga, miyala ndi madzi, pakuti zimenezi zifunika ndithu poumba mabuloko.

Nyumba yogonamo munthu kumudzi siili m'gulu la nyumba zija zotchulidwa. Koma asanyengeke munthu: ngakhale njerwa zake zisaletsedwe, nkhuni zoziotchera zili pansi pa lamulo lina, la nkhalango.

NJERWA ZOSAFUNA MOTO

Njerwa ya dothi ndi simenti siiotchedwa, imatsinderedwa ndi makina a pamanja. Kapangidwe kake nkotere. Dothi lapamwamba, lokhala ndi mizu ndi manyowa, lichotsedwe. Lofunika ndi lapansi. Dothi lakuda la m'dambo siliyenera chifukwa limang'aluka likauma. Poyesa dothi, mmisiri athire dothi m'botolo kufika pakati, adzaze madzi, akhutchumule, ndi kulikhazika usiku umodzi. Mchenga udzakhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino ndi limene mchenga wake uposa dongo.

Dothilo lisefedwe, ndipo lisakanizidwe louma ndi simenti pang'ono, monga chitini chimodzi cha simenti pa zitini 15 kapena 20 za dothi, malinga ndi mtundu wa dothi. Madzi akhale ongonyowetsa, osati kupanga matope. Njerwa zikatuluka m'makina ziikidwe pamthunzi, zifundidwe ndi udzu kapena pulasitiki, ndi kuthiriridwa masiku 7. Zimakhwima bwino pakatha masiku 28. Wofulumira kumangira njerwa zosakhwima adzanena kuti njirayi njachabe, pamene cholakwa nchake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Njerwa zimenezi zimatuluka zofanana msinkhu, motero sizidya matope ambiri a simenti pomanga, ndipo khoma lake silifuna pulasitala wochindikala. Makina amodzi angathe kugulidwa ndi kalabu ya alimi ndi kumabwerekana.

Mabuloko a simenti nawonso safuna nkhuni, ndipo simenti imapangidwa m'boma lomwe lino la Kasungu ku fakitale ya Shayona. Koma adziwe anthu kuti simenti nayo imaphikidwa ndi moto waukulu ku fakitale, ndipo mtengo wake ngwokwera. Chotero njerwa yodya simenti yochepa ndiyo yopepukira thumba ndi dziko lomwe.

Kwa ofunabe njerwa zofiira kuli ng'anjo yoimirira imene inayamba ku China nifalikira ku India ndi ku Nepal, ndipo ina inamangidwa kufupi ndi Lilongwe. Njerwa zimalowa pamwamba ndi kutulukira pansi zitapsa, ndipo kutentha kochokera ku njerwa zapansi kumaumitsa zapamwamba. Mmalo mwa nkhuni imagwiritsa ntchito zinyenyeswa za malasha. Kulinso njira zina zodabwitsa: kampani ya 14Trees inamanga chipinda cha sukulu ku Salima ndi makina olavula simenti mzere ndi mzere, ndipo makoma anatha m'maola 18. Koma makina otere si a mlimi wa kumudzi.

NZERU ZA MAKOLO SIZINATHE NTCHITO

Nyumba ya zidina kapena ya mdindo siyonyozeka ai. M'nyengo ya Okutobala imazizira bwino kuposa ya mabuloko, ndipo siifuna mtengo wootchera ngakhale umodzi. Mdani wake ndi madzi basi. Itetezedwe pansi ndi pamwamba. Maziko akhale a miyala kapena a mabuloko, otuluka pamwamba pa nthaka ngati phazi limodzi, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pulasitiki wochindikala kuti chinyontho chisakwere. Denga litulukire kunja kupanga khonde, kuti mvula isamenye khoma. Mitanda ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'khoma, osati kungosanjika miyala pa malata.

Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zinaonetsa kuti nyumba zambiri zimagwa chifukwa cha maziko osazama, makoma opyapyala ndi kumanga m'njira ya madzi. Njerwa yootcha yomangidwa mosasamala igwa chimodzimodzi ndi chidina.

ZIGAFA NDI MABALANI

Chigafa cha mphanda zodula sichikhalitsa. Chiswe chimadya mphandazo pansi, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mlimi abwereranso kuthengo ndi nkhwangwa. Alangizi a ARET, bungwe lofufuza za fodya limene linayamba mu 1995, pamodzi ndi makampani ogula fodya, akhala akuphunzitsa za chigafa chamoyo. Mlimi abzala mitengo yokula msanga, monga keshya kapena mthethe, m'mizere pamalo peni peni pamene pakadaima mphanda. Aisadzira kuti ikule yoongoka. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi amangirira mitanda pa mitengo yamoyoyo ndi kufolera denga. Mphanda yamoyo siiola, ndipo nthambi zosadzidwa chaka ndi chaka zipatsa mikangala ndi nkhuni za kukhitchini. Ziweto ndi moto wolusa ndizo zoopsa pa zaka zoyamba, kotero mlimi atchinge ndi kulambula. Nsungwi nazonso nzothandiza pa mitanda ndi mikangala, chifukwa zikadulidwa zimaphukanso.

Pa fodya wa m'balani, balani lakale limataya kutentha kwambiri: ng'anjo yake njaikulu, khomo lake nlotsegula, ndipo makoma ali ndi ming'alu. Pakati pa 2000 ndi 2010 m'dziko muno munayesedwa balani lotchedwa Rocket, loganiziridwa ndi Peter Scott. Ng'anjo yake njopapatiza ndipo chumuni chake chimakoka mpweya bwino, kotero nkhuni zimayaka zonse. Balani lotero limadya pafupifupi theka la nkhuni za balani lakale, ndipo limalola timitengo tating'ono ta m'munda wa mitengo wa mlimi mwini. Amene sangathe kumanga latsopano amate ming'alu, aike chitseko pa ng'anjo, ndi kuumitsa nkhuni miyezi ingapo asanayambe kuotcha fodya. Nkhuni yaiwisi imatha kutentha kwake poumitsa madzi ake omwe.

LAMULO LA NKHALANGO

Lamulo la nkhalango la 1997 lilola munthu wa m'mudzi kutenga za m'thengo pa malo a mafumu zogwiritsa ntchito pakhomo pake. Koma kudula mitengo yachilengedwe kuti agulitse, kuotcha makala, ndi kudula m'nkhalango yotetezedwa, zonsezi zifuna chilolezo cha Dipatimenti ya za Nkhalango. Mu 2020 lamuloli linakonzedwa, ndipo chindapusa ndi zaka za m'ndende zinakwezedwa. Munthu woumba njerwa zamalonda ndi nkhuni za m'nkhalango ya Boma ali pa mlandu, ndipo mwini galimoto yonyamula nkhunizo angathe kuitaya.

Eni maesiteti akumbukire kuti pa mapangano obwereka malo ku Boma panali kulembedwa kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a malowo likhale la mitengo. Midzi nayonso ili ndi njira yake: nkhalango za m'mudzi zinayamba m'dziko muno mu 1926, ndipo lamulo la 1997 lipatsa mphamvu nyakwawa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu kupatula malo ndi kuika malamulo a kadulidwe.

CHOYENERA KUCHITA CHAKA CHINO

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma mbande zifesedwa kukali chilimwe, ndipo mitengo yobzalidwa ndi mvula yoyamba ndiyo imapirira. Mlimi amene afesa nazale ya fodya aikeko machubu a mitengo pambali, pakuti madzi othirira ndi omwewo. Wofuna kumanga nyumba ayese dothi lake ndi kuwerengera mtengo wa nkhuni, wa ngolo ndi wa njerwa zosweka m'uvuni asananene kuti simenti njodula. Makomiti a sukulu afunse kwa Bwanamkubwa, ndipo alimi afunse kwa mlangizi wa za ulimi kapena wa za nkhalango wa m'dera lao. Chigafa chobzalidwa chaka chino ndicho chidzaumitsa fodya zaka zinayi zikudzazo. M'mera mpoyamba.