Ocova njinga m'boma la Lundazi: kumene angapereke madandaulo ao pa za miseu

M'boma la Lundazi, m'cigawo ca kum'mawa, njinga yopalasa ndiyo galimoto ya anthu ambiri. Imanyamula matumba a cimanga, nshawa ndi soya kupita nao kumsika, imapereka odwala kucipatala, ndipo anyamata ena amapezerapo ndalama ponyamula anthu. Ngakhale zili tero, mseu ukamakonzedwa, woyamba kuganiziridwa amakhala woyendetsa galimoto, ndipo wocova njinga amangotsala ndi m'mphepete.

Vuto limaonekera kwambiri pa mseu wa M12 wocokera ku Chipata, umene ndi wa makilomita pafupifupi 180. Pamene m'mbali mwa tala mwagumuka, wocova njinga alibe kothawira galimoto yaikulu ikamabwera. Amene wamanga matumba awiri kumbuyo sangathe kupatuka msanga, ndipo akatsikira m'mcenga njinga imamugwetsa. Usiku ngozi imakula, cifukwa njinga zambiri zilibe nyali. Ku miseu yafumbi ya kumidzi nkhani ndi ina: nyengo ya mvula kamtsinje kopanda ulalo kamatsekereza mudzi wonse.

Cimene ambiri sadziwa n'cakuti miseu iyi ilibe mwini mmodzi. Malamulo a mu 2002 anakhazikitsa mabungwe atatu. Bungwe la Road Development Agency limayang'anira miseu ya dziko, monga M12 ndi mseu wopita ku Chama. La National Road Fund Agency limasunga ndalama za miseu, ndipo la Road Transport and Safety Agency limaona za citetezo ca pamseu. Miseu ya m'tauni ndi ing'onoing'ono ya kumidzi imayang'aniridwa ndi khonsolo. Motero dandaulo la malo a njinga pa M12 likangothera kwa khansala, nthawi zambiri limakhala lafika pakhomo lolakwika, pokhapokha khonsoloyo italipititsa kumene liyenera kupita.

Pali mfundo za boma zimene anthu angaimepo popempha. Mu 2019 unduna woona za mtengatenga unatulutsa ndondomeko ya maulendo osagwiritsa nchito injini, yochedwa Non-Motorised Transport Strategy, imene inakonzedwa mothandizana ndi nthambi ya United Nations yoona za cilengedwe. Ndondomekoyi imafuna kuti miseu ya m'matauni ikhale ndi njira za oyenda pansi ndi za njinga. Palinso lamulo lakuti pafupi ndi masukulu galimoto zisapitirire liwiro la makilomita 30 pa ola, limene bungwe la Zambia Road Safety Trust linalimbikira kuti likhalepo. Koma colembedwa ku Lusaka sicisanduka njira ya njinga ku Lundazi cikapanda kulowa m'mapulani ndi m'bajeti ya pamalopo.

Khomo loyamba ndi pulani ya citukuko ca boma, yochedwa Integrated Development Plan. Lamulo la Urban and Regional Planning la mu 2015 limalamula khonsolo iliyonse kukhala nayo, ndiponso kumva maganizo a anthu poikonza. M'menemo ndi mmene mumalembedwa za misika, masiteshoni ndi miseu. Ocova njinga akakhala kulibe pa misonkhano yotere, malo oimikapo njinga pamsika kapena pacipatala saonekamo, ndipo sikuti wina anawakana, koma palibe anawachula.

Khomo laciwiri ndi lapafupi. Lamulo la maboma ang'ono la mu 2019 limapereka malo kwa makomiti a citukuko a m'mawodi, ndipo kudzera mwa iwo anthu amapempha nchito za thumba la Constituency Development Fund. Thumbali linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwera m'zaka zotsatira. Ndalamazi zimalimbirana ndi zipinda za masukulu, zipatala ndi zitsime, zimene palibe angazipeputse. Komabe kaulalo kamodzi pa mtsinje kamathandiza mwana wa sukulu, mai wapakati ndi mlimi wa thonje nthawi imodzi, ndipo pempho lolembedwa motero limamveka bwino kuposa longoti n'la njinga. Pempho locokera ku gulu, lochula malo enieni ndi ciwerengero ca anthu odutsapo, ndiponso lodziwika kwa mafumu monga Mphamba ndi Kapichila, limalemera kuposa la munthu mmodzi.

Ayeneranso kukumbukira kuti malire anasintha. Mu 2018 Lumezi ndi Chasefu zinapatulidwa ku Lundazi n'kukhala maboma paokha, ndipo lililonse lili ndi khonsolo yake. Mlimi wocokera kwa mfumu Magodi kudzagulitsa mbeu m'tauni ya Lundazi amayenda m'miseu ya makhonsolo awiri, kotero kaulalo ka kumudzi kwake adzakapempha ku Chasefu, pamene malo oimikapo njinga pamsika adzawapempha ku Lundazi.