Mafunde a Wailesi Adzutsa Insulini M'thupi la Mbewa

Anthu ambiri odwala nthenda ya shuga amabayidwa jekeseni ya insulini tsiku ndi tsiku, popeza matupi ao sapanga insuliniyo mokwanira. M'chaka cha 2012 Dr. Sarah Stanley ndi Prof. Jeffrey Friedman a pa Rockefeller University, ku New York, pamodzi ndi anzao a ku Rensselaer Polytechnic Institute, anaonetsa kuti nkotheka kulamula maselo kuti apange insulini, wolamulayo ali kunja kwa thupi.

Njira yache inali yotere. Pa khungu la maselo ena pali kachitseko kochedwa TRPV1, kamene kamatseguka kutentha kukafika pa madigiri 42. Ndi kachitseko komweka kamene kamachititsa tsabola kuocha m'kamwa ngati moto. Akatswiriwo anamatika pa kachitsekoko tizidutswa ta chitsulo tating'onoting'ono, timene maginito atha kutikoka. Mafunde a wailesi akafika, tizidutswato timafunda, kachitseko nkutseguka, ndipo kashiamu amalowa m'selo nadzutsa jini ya insulini, ndiko kuti malangizo a chibadwa opangira insulini, amene akatswiriwo anaikamo kale ali chigonere. Maselo otere anawaika m'matupi a mbewa, ndipo mafunde ataomba kwa theka la ola, shuga wa m'mwazi anatsika.

Mkangano unabuka pambuyo pache. Pofuna kuleka kubaya tizidutswa tija, gulu lomwelo linasintha maselo kuti adzipangira okha feritini, puloteni yosunga chitsulo m'thupi, ndipo mu 2015 linalengeza kuti njirayi nayonso yatheka. Koma mu 2016 Prof. Markus Meister wa ku California Institute of Technology anakhala pansi nawerengera. Anapeza kuti kutentha ndi mphamvu zimene feritini ingapereke nzochepa kwambiri: zikadayenera kuchuluka nthawi 100,000, kapena kupyola apo, kuti zitsegule kachitseko kaja. Mlandu wache unali wolemera, pakuti ngati shuga anatsikadi mwa mbewazo, ndiye kuti chinamtsitsa ndi china chimene eni ache a nchitoyo sanachifotokoze.

Pofika 2020 magulu atatu a akatswiri anali atayesa chida china cha feritini chochedwa Magneto, cha ku University of Virginia, pa maselo a ubongo. Onse atatu analemba kuti maginito sanadzutse maselowo.